Satifiketi ya Ulova

"Ndati dzina la achimwene anga lichoke m'kamwa mwanumo! Mwamva, bambo a Bene? Lichoke!"

"Lichoka bwanji poti lalembedwa m'kalata ya boma? Ndalilembamo ndine? Sitandade faifi yanga ija ingalembe Chizungu chotere?"

A Esitele anaponya pansi mtolo wa mtedza umene ankathothola, fumbi n'kuti koboo. Nkhuku zimene zinkazembera pamkeka zinabalalika. Amuna awo, a Boniface, anali chiimire pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Thukutalo silinali la mkangano ayi, linali la gule. Mphindi zochepa zapitazo, mwana wawo Benedicta akuwerenga kalata imene inabwera pafoni, bamboyu anatolapo liwu limodzi lokha la Chizungu, lakuti manijala. Basi sanadikirenso zina. Anazungulira nkhokwe kawiri akudula chiuno, akukuwa kuti Mavwere yense amve kuti mwana wa mkamwini wapata ntchito. Anaima ataona kuti manijalayo akulira.

"Werenganso, Bene," anatero a Boniface. "Koma tsopano m'Chichewa, pang'onopang'ono, amakowa amve ndi makutu onse awiri."

Benedicta anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Zala zake zinali zakuda ndi dothi la mtedza, moti pagalasi la foni panatsala zidindo.

"Akuti pempho langa alikana. Paja ndinalembera ofesi ya ngongole za ophunzira kuti ngongole ya ku yunivesite ija andiimikire kaye, ndidzayambe kubweza ndikapeza ntchito. Anandiuza kuti munthu amene sali pantchito, amene alibe polowera ndalama, angathe kupempha zimenezo. Tsono akuti ine sindili m'gulu limenelo, chifukwa mabuku akuonetsa kuti ndili pantchito."

"Ntchito yanji? Nena mokweza."

"Umanijala. Pakampani yoombola katundu pa boda, ya Eneya ndi Ana Ake. Akuti chino ndi chaka chachiwiri, malipiro ndikulandira mwezi ndi mwezi koma ngongole sindikubweza. Andipatsa masabata atatu kuti ndibweretse kalata ya kampaniyo, yokhala ndi chidindo, yonena kuti sindigwirako ntchito. Kupanda apo dzina langa lilowa m'kaundula wa anthu othawa ngongole."

"Ukalowa m'menemo ndiye zimatani?"

"Ndiye kuti ngakhale ntchito yeniyeni itapezeka, akaona dzina langa adzati uyu ndi kamberembere, anadya za boma n'kuthawa."

A Esitele anatola mtolo uja n'kuyamba kuthothola mwaukali, ngati mtedzawo ndiwo unalemba kalata.

"Mwina alipo Eneya wina. Dziko ndi lalikulu ili."

"Eneya wina," anatero a Boniface, "wa pa boda pomwepo, wokhala ndi mwana wa mlongo wake dzina lake Benedicta Mwale, nambala ya chitupa yomweyi, digiri yomweyi. Eee, Mulungu amalengadi mapasa! Tandikumbutsani, mayi a Bene. Tsiku lija achimwene anu anatenga digiri ya mwanayu ndi chitupa chake kuti akamate pulasitiki, zinabwerako patapita masiku angati?"

"Mwezi."

"Mwezi wathunthu! Pulasitikiyo ankachita kudzala?"

"Ankaopa chiswe! M'nyumba yanu ino chiswe chinadya Baibulo kuyambira Genesis mpaka Masalimo, inu muli chikhalire. Munthu akuchitireni chifundo, lero mumutche wakuba? Ndani anam'gulira mwanayu sutukesi popita ku yunivesite? Ndani anatinyamula pagalimoto tsiku la giladuweshoni? Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame."

"Njovuyo ndi imene yaponda mwana."

"Musaiwale pamene mwaima, bambo. Pano ndi pamudzi pathu. Mwini mbumba ndi a Eneya. Nkhani ya ana anga aikamba ndi iwowo, osati kukuwa pabwalo ngati wogulitsa usipa."

A Boniface anavala chipewa chawo. Mawu amenewo anawamva kwa zaka makumi atatu, kuyambira tsiku limene anabwera kudzakwatira m'mudzi uno, ndipo anali atawazolowera ngati chipsera cha pamwendo. Koma tsiku limenelo chipseracho chinayabwa.

A Eneya anabwera Lamulungu, anthu atangotuluka m'tchalitchi, nthawi yabwino yoti galimoto ionedwe ndi mudzi wonse. Anatuluka mimba ili patsogolo, mafoni atatu m'manja, nsapato zosongoka ngati zikufuna kuboola dziko. M'buti anatulutsamo belo la shuga, chigubu cha mafuta ophikira ndi chitenje cha ku Chipata chonyezimira. A Esitele analandira atagwada. A Boniface anapereka mpando wawo wa ndalema, iwo n'kukhala pa chitsa.

"Ndamva kuti pano pali maliro," anayamba a Eneya. "Wamwalira ndani?"

"Dzina langa, atsibweni," anatero Benedicta ali pamkeka.

A Eneya anaseka mpaka mafoni anagundana.

"Imvani Chichewa cha anthu ophunzira! Mwana wanga, khala pansi mtima. Kuti munthu apeze laisensi ya ntchito yathuyi, amafuna pakampani pakhale munthu wa pepala. Tsono ine ndikatenge mwana wa eni ake, wanga ali pompano akuthothola mtedza? Digiri ndi khasu, likangokhala limachita dzimbiri. Ine ndinangobwereka."

"Khasu lobwereka amapempha, atsibweni. Ndipo akakolola, mwini khasu amamuonetsako chimanga. Malipiro a manijalayo amalandira ndani?"

"Malipiro a papepala amenewo. Sadyeka."

"Koma ngongole yanga si ya papepala. Ikukula."

"Aaa, ngongole ya boma! Imene ija ili ngati mvula ya ku Zambia, imagunda uko, kuno sitinyowa. Unamvapo ndani anamangidwa chifukwa cha ngongole ya sukulu? Ndili ndi anzanga mabwana, mimba kuposa yangayi, sanabwezepo ngakhale tambala."

"Iwowo ali ndi mimba zobisalamo. Ine ndilibe. Ndikungopempha kalata imodzi, mizere itatu, yonena kuti sindinagwirepo ntchito kwanu."

Nkhope ya a Eneya inasintha. Anaika mafoni onse atatu pabondo.

"Kalata imeneyo ndi chingwe. Ndilembe ndi dzanja langa kuti manijala wanga kulibe, mawa laisensi alande, mathiraki apite kwa ena. Ndiye shuga uyu azichokera kuti? Feteleza wa amako chaka chino agula ndani? Matenda akagwa pano mumaimbira foni ndani? Chemwali, tamulangizani mwana wanuyu. Sukulu yamuchotsa ulemu."

A Esitele anayang'ana belo la shuga, n'kuyang'ana mwana wawo, n'kubwereranso pa shuga.

"Bene, atsibweni ako anena. Chibale ndi fupa, sichiola."

Apa a Boniface anakhosomola. Anali atakonza mawu usiku ndi usana kwa masiku anayi, mawu okhala ndi mutu, thunthu ndi mchira.

"Alamu, ine ndimati..."

"Alamu," anawadula a Eneya mokoma, ngati akuwapatsa switi, "tambala wobwera salira m'khola la eni. Inu munafika pamudzi pano ndi kachikwama ka m'manja ndi wailesi yopanda mabatire. Ntchito yanu munagwira, ana tikuwaona, tikuthokoza. Zotsalazi ndi za mbumba."

Mawu a mutu, thunthu ndi mchira aja anabwerera kukhosi. A Boniface anakumbukira njinga yawo imene anagulitsa chaka chimene ndalama ya boma inachedwa, mwana akugona ndi njala ku yunivesite. Anakumbukira mabelo a fodya a zaka zinayi amene anathera pa lendi ndi mapepala. Mbumba nthawi imeneyo inagula sutukesi. A Boniface anangoyang'ana nsapato zosongoka zija zikukwera m'galimoto.

Sabata yoyamba inatha, yachiwiri n'kutsatira. Benedicta anaimba foni kasanu, atsibweni ake osayankha ngakhale imodzi mwa mafoni atatu aja. Anasiya kudya bwino. Pakhomopo anthu ankalankhulana kudzera mwa nkhuku: "Choka apa iwe, wakuba ngati anthu ena!" Shuga uja a Boniface anamukana, phala ankamwa lopanda kanthu nkhope ili tsinya, pomwe aliyense ankadziwa kuti munthuyu shuga amathira masupuni anayi.

Loweruka m'mawa, atatsala masiku asanu, a Boniface ndi mwana wawo anali kuseri kwa nyumba akusoka matumba a mtedza. Mwadzidzidzi bamboyo anabaya singano m'thumba n'kuimirira.

"Bene! Kodi boma likuti ndiwe ndani?"

"Ababa, musandiseke."

"Sindikuseka. Likuti ndiwe ndani?"

"Manijala."

"Atsibweni ako analemba kuti ndiwe ndani?"

"Manijala."

"Nanga ukutani pano? Manijala amasoka matumba? Iwe wajomba kuntchito zaka ziwiri, mwana wopanda khalidwe! Lolemba ukupita kuntchito!"

Benedicta anawayang'ana, n'kuphulika chiseko chimene pakhomopo sichinamveke kwa masabata awiri.

"Ababa, mwapenga!"

"Ndinagwirapo ntchito ku esiteti ine. Ndinaona ndi maso angawa: pepala likanena kuti uyu ndi kapitawo, ngakhale mwini munda amayamba wapempha kiyi kwa iyeyo. Iwowo anakumanga ndi pepala. Ifenso tikawamanga ndi pepala lomwelo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko!"

A Esitele anatulukira pakona ya nyumba atanyamula lichero. Anali atamva zonse, pakuti makoma a nyumba ya mkamwini ndi opyapyala.

"Mukufuna mukandichititse manyazi pa boda? Pamaso pa anthu a mayiko ena?"

"Ife tikungoperekeza mwana kuntchito."

"Ndipita nawo. Osati kukuthandizani, ayi. Ndikukagwira pakamwa panupo."

Lolemba anakwera minibasi atatu onse. Benedicta anavala suti yakuda ya pa giladuweshoni, imene tsopano inkamukhwepa m'chiuno. A Boniface anavala jekete la ukwati ndi tayi wofiira, envulopu ya digiri ataikumbatira pachifuwa ngati khanda. A Esitele anavala chitenje cha ku Chipata chija, kuti achimwene awo akaone kuti iwo sali kumbali ya zigawenga.

Pa boda panali piringupiringu. Mathiraki anandanda mpaka kokhota, osintha ndalama akupukusa mitolo ya makwacha a mayiko awiri, akabaza akulimbirana anthu. Mnyamata wina wosintha ndalama anathamangira a Boniface ataona tayi.

"Bwana, tisinthe zingati?"

"Ine ndabwera kudzasintha manijala," anayankha a Boniface osaima.

Ofesi ya Eneya ndi Ana Ake inali kachipinda kopaka utoto wobiriwira kuseri kwa malo odyera. Pabenchi panja panakhala madalaivala anayi, mapepala ali m'manja. Mkati munali tebulo, kompyuta, fani yozungulira ndi mpando waukulu wachikopa. Pampandopo panakhala mayi wina wonenepa bwino, wigi yofika m'mapewa, zikhadabo zofiira, akudya tchipisi. Kukhoma kumbuyo kwake kunapachikidwa fotokope ya digiri ya Benedicta m'felemu yagolide.

"Tikuthandizeni?" anatero mayiyo osadzutsa mutu.

"Tikufuna a manijala," anatero a Boniface. "A Benedicta Mwale."

"Ndine. Nenani msanga, ndili ndi anthu panja."

A Boniface anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana akazi awo, amene anabwera kudzagwira pakamwa pa anthu. Pakamwa pa a Esitele panali potseguka.

"Mwati ndinu ndani, mayi?" anafunsa a Esitele.

"Benedicta Mwale. Madamu Bene. Simukuona pakhomapo?"

"Amayi anu ndani?"

"Mayi, kodi mwabwera kudzaombola katundu kapena kudzalemba kalembera?"

A Esitele anamasula chitenje cha ku Chipata n'kuchimanganso mothina, mfundo ili pambali. A Boniface, podziwa tanthauzo la mfundo imeneyo, anasuntha n'kuima kukhoma.

"Ndakufunsa kuti amako ndani! Chifukwa Benedicta Mwale ndinamubereka ine, Lachitatu, mvula ikugwa, pangolo ya ng'ombe tisanafike kuchipatala! Iwe ndinakubereka liti? Mimba yako ndinaisenza chaka chanji? Bere langa ili unayamwa liti, chimunthu chachikulu ngati iwe, msinkhu wanga womwe?"

"Mayi, tulukani muno!"

"Nditulukemo? Mwana wanga wauma ngati chiputu, akudya mtedza wosweka, iwe ukunenepa ndi dzina lake! Ndi tchipisi! Anthuni, bwerani mudzaone mwana wanga woyamba amene ndinamubereka ndisanabadwe!"

Madalaivala aja anali atadzaza kale pakhomo. Kumbuyo kwawo kunabwera osintha ndalama, ogulitsa mazira owiritsa ndi mayi wa malo odyera, chipande chili m'manja. Wina anakuwa kuti, "Amenewo ndi a Imelda, akazi aang'ono a bwana!" Gulu lonse linati gwedee ndi phwete. A Imelda anatola chikwama ndi foni, n'kudzipanikiza pakati pa anthu mpaka kutuluka, tchipisi n'kutsala.

Benedicta anazungulira tebulo. Anapukuta mpando wachikopa uja ndi mpango, n'kukhalapo. Anatsegula dilowa, anatulutsa chidindo cha kampani n'kuchiika patsogolo pake, dzanja lili pamwamba. A Boniface anaona mwana wawo atakhala pansi pa digiri yake, fani ikumuuluzira kolala ya suti. Unamukhala mpandowo. Unamukhaladi.

Dalaivala wina wamtali, wa ku Zambia, anasunthira kutsogolo.

"Amai, ine nifuna chabe mapepa yanga. Nagona pano masiku yatatu."

"Pepani, bambo. Ine ndine manijala, chitupa changa ichi, nkhope yanga iyi. Koma ndangofika kumene patatha zaka ziwiri. Sindingadinde kanthu ndisanawerenge mapepala onse amene anasainidwa m'dzina langa. Mwina nditha Khirisimasi."

"Khirisimasi! Muli tomato mu thiraki muja!"

"Imbirani eni kampani."

Mafoni anayi anaimba nthawi imodzi, ndipo tsiku limeneli a Eneya anayankha. Sipanathe mphindi khumi, nsapato zosongoka zinatulukira zili mbuu ndi fumbi, mwini wake akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Chikuchitika n'chiyani muno? Bene, choka pampando! Anthu inu, tulukani, si msika uno!"

"Mwadzuka bwanji, bwana," anatero Benedicta mwaulemu. "Ndabwera kuntchito."

"Usandiyese mnzako! Bweretsa chidindo!"

"Chidindo amasunga ndi manijala. Munalemba nokha. Atsibweni, njira zilipo ziwiri. Yoyamba, mulembe kalata ija, ndidinde, ndizipita kukathothola mtedza wanga. Yachiwiri, ndiwoloke msewuwu ndi chitupa changa, ndikadzionetse ku ofesi ya kasitomu kuti manijala amene akhala akulandira siginecha yake uja ndine, tidziwane. Ndikafunsenso kuti amene amasainayo ndani."

A Eneya anayang'ana anthu pakhomo, anayang'ana msewu, kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo, mawu atafewa ngati nthochi yakupsa.

"Chemwali, mukuona? Mwana wathu yemwe akufuna kundimangitsa. Ine ndi inu tinayamwa bere limodzi. Chibale ndi fupa..."

"Fupalo mwaliswa nokha, achimwene, kuti mumwe mafuta a m'kati." A Esitele anawaloza ndi chala. "Mukanati dzina la mwanayu likungogona m'buku, ndikanati chabwino. Koma mwaliveka mkazi wanu ngati diresi! Shuga munkabweretsa uja anali wa mwana wanga yemwe, ine n'kumagwada, n'kumathokoza! Mwini mbumba amaweta, sadya mbuzi za m'khola. Lembani!"

"Kalata imeneyo indipha."

"Chingwe munaluka nokha. Lembani!"

A Eneya anakhala pa kampando ka alendo, pakuti mpando waukulu unali ndi mwini wake. Benedicta anawasunthira pepala la kampani ndi cholembera. Dzanja lawo linazungulira pamwamba pa pepalalo osatera.

"Ndilembe kuti chiyani tsono?"

A Boniface anachoka kukhoma kuja. Anakonza tayi, anakhosomola, ndipo ulendo uno palibe anawadula.

"Lembani motere, alamu. Ine Eneya..."

"Inu ndiye ayi! Nkhani ya mbumba..."

"Alembetseni, bambo a Bene," anatero a Esitele. "Njinga inagulitsidwa ija inali yanu."

A Boniface anamva ngati awonjezeka msinkhu. Anaika manja kumbuyo n'kuyamba kuyendayenda m'kachipindamo, masitepe awiri kupita, awiri kubwerera, ngati hedimasitala.

"Ine Eneya, mwini kampani ino, ndikunena zoona zokhazokha. Mwalemba? Kuti Benedicta Mwale, mwana wa a Boniface Mwale. Lembani dzina langalo bwinobwino, lili ndi 'c' pakati. Sanagwirepo ntchito pano ngakhale tsiku limodzi."

"Kupatula lero," anatero wina pakhomo.

"Lero ndi ulendo wokaona malo. Sanalandirepo malipiro ngakhale tambala. Dzina lake ndinaliika m'mabuku iye osadziwa, ndipo lero ndalichotsa. Mwanayu ndi lova weniweni."

"Ababa, mawu akuti lova sangalowe m'kalata ya ofesi."

"Chabwino, iwe uikemo Chizungu chake. Koma tanthauzo likhale lomwelo."

Benedicta anaitayipa yekha pa kompyuta, m'Chizungu chowongoka, n'kuwawerengera onse. A Eneya anasaina thukuta likudonthera papepala. Kenaka mtsikanayo anakweza chidindo m'mwamba, anthu onse anagwira mpweya, n'kuchitsitsa kuti phaa! Pakhomo panabuka m'manja ndi malikhweru. Mayi wa malo odyera anaimba nthungululu osadziwa n'komwe kuti nkhani yake ndi yotani.

Benedicta anaimirira, anachotsa felemu yagolide kukhoma n'kuipanira m'khwapa, chidindo n'kuchiika m'manja mwa atsibweni ake.

"Tomato wa bambowa akuwonongeka. Mupeze manijala wina, wamoyo, womulipira."

"Bene," anatero a Eneya motsitsa mawu, "nanga utakhala iweyo? Tikambirane. Pang'ono pokha poyambira..."

"Mukalengeze ntchitoyo m'nyuzipepala, atsibweni. Ndidzaona ngati kampaniyo ili ndi mbiri yabwino."

Kalata anaitumiza tsiku lomwelo, masiku atatu nthawi isanathe. Pobwerera mu minibasi, atatsala pang'ono kutsika, a Esitele anangoti, "Feteleza chaka chino tidziwa tokha." A Boniface anayankha kuti manyowa a nkhumba nawonso ndi feteleza, ndipo sanunkha ngati shuga wina.

Yankho linabwera patatha masabata awiri, dzuwa lili paliwombo, banja lonse lili pamkeka likusankha mtedza wotsala. Foni inalira. Benedicta anawerenga mwakachetechete, milomo ikuyenda. A Boniface ulendo uno sanavine msanga. Anadikira, chipewa chili m'manja.

"M'Chichewa, Bene."

"Avomera. Akuti aona kuti sindili pantchito. Andiimikira chaka chimodzi. Chikatha ndisanapeze ntchito, ndidzalembenso."

A Boniface anaponya chipewa m'mwamba, chinakagwera padenga la khola, osachitsatanso. Anazungulira nkhokwe katatu, n'kutulukira pamsewu wa m'mudzi ali chikuwire.

"Anthuni! Tulukani! Boma lavomera! Mwana wanga ndi lova! Lova wa satifiketi! Si lova wamba ngati ana anuwa ayi, uyu ngwodziwika ku likulu!"

Amayi a pamjigo anaimba nthungululu, ena akufunsana kuti kodi wapeza ntchito kuti. Benedicta anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka. Anayang'ana zala zake zakuda zija, anapukuta maso, n'kukokera lichero pafupi. Mtedza sunali kudziwa za chaka chimodzi.

Mawa lake a Boniface anapita pa sitolo ya pamsika kukasindikiza kalatayo papepala. Anabwera nayo ataigwira ndi nsonga za zala, n'kuyamba kufunafuna jekete.

"Mukupitanso kuti?" anafunsa a Esitele.

"Ku boma. Pepala lofunika ngati ili liyenera kumatidwa pulasitiki. Mwaiwala chiswe cha m'nyumba muno?"

A Esitele anawalanda pepalalo, analipinda kanayi, n'kulilowetsa m'Baibulo lija, pamene panayambira Miyambo.

"Pepala la mwana wanga silitulukanso pakhomo pano. Bola chiswe, bambo a Bene. Chiswe chimadya pepala lokha."